Silinda Imene Anaifunditsa Bulangeti

"Aphunzitsi, kampira katsikanso."

A Doreen, namwino wamkulu wa pachipatala chathu, ananena motsitsa mawu kuti odwala asamve, uku akugogoda ndi chikhadabo kagalasi ka pakhoma, kumutu kwa bedi la alamu anga. M'kagalasimo mumakhala kampira kakang'ono ngati nzama. Mpweya ukamayenda bwino m'mapaipi, kampirako kamayandama m'mwamba, ukachepa, kamatsika. Adokotala anali atalamula kuti a Obadiya azilandira pa teni. M'mawa wa Lachinayi limenelo kampira kankanjenjemera pa folo, chonsecho a Doreen anali atapotokola chotsegulira mpaka pomwe chimathera.

Ndinafunsa ngati vutoli linali pa bedi limeneli lokha. Anapukusa mutu. Anati mabedi onse khumi ndi anayi, kuyambira dzulo masana, ndipo zinkangoipiraipira. Anali atandiimbira kasanu, koma kumaliro kumene ndinagona masiku awiri, kuseri kwa Msundwe, foni sigwira.

A Obadiya anatsegula diso limodzi, n'kukankhira pambali chopumira chapulasitiki chimene chinawaphimba mphuno ndi pakamwa.

"Alamu," anatero, akudula mawu pakatipakati kuti apeze mpweya, "sayansi yanu ija... yasukuluka. Mpweya wake... ngati tiyi wa pamaliro."

Ndinawabwezera chopumiracho n'kuwauza kuti asunge mawu, adzawafuna pokangana ndi ogula fodya. Anayesa kuseka, koma chinatuluka ndi chifuwa. Milomo yawo inali yotuwa ngati phulusa. Bambo amenewa ankaitana ng'ombe zawo ali tsidya lina la dambo, ng'ombezo n'kutembenuka.

A Obadiya ndi alongo ake a malemu mkazi wanga, Edith. Edith anamwalirira m'wodi yomweyo zaka ziwiri m'mbuyomo, ndi mphumu, tikudikira galimoto yomutengera ku Lilongwe, chifukwa nthawi imeneyo pachipatala chathu cha mpingo, kupitirira Nsaru, panalibe mpweya wothandizira kupuma ngakhale wa m'botolo limodzi. Ine si munthu wolira pagulu. Ndinamva kuti ena ankandinena kuti pamaliro ndinali wouma m'maso ngati wodutsa m'njira. Ndinachita chimene ndimadziwa: ndinakhala patebulo n'kuyamba kulemba makalata kwa abwenzi a mpingo wathu a kunja kwa dziko. Ndinalemba ambiri, ena osayankhidwa. Mu Januwale wa 2021, korona itafika pothina, lole inabwera ndi masilinda awiri.

Masilinda amenewa si ngati aja a owotcherera zitsulo. Ndi onenepa ngati mgolo, ofika m'khosi mwa munthu wamtali, ndipo mpweya wa mkatimo ndi wamadzimadzi, wozizira koti utakudonthera pachala chalacho chingafe. Kuti madziwo asanduke mpweya wopuma amafuna kutentha pang'ono, ndipo kutenthako silinda imakuyamwa ku mphepo ya kunja kudzera m'khungu lake lachitsulo. N'chifukwa chake ikamagwira ntchito imachita chisanu choyera m'mbali, ngati yawazidwa ufa. Mmisiri amene anabwera nawo, a Patrick, anandiphunzitsa zonsezi tsiku lathunthu, poti komiti ya chipatala inandisankha ine kukhala woyang'anira, monga munthu amene ndinaphunzitsa sayansi kusekondale zaka makumi atatu. Anandisiyira magolovesi achikopa, sipanala yosakhudza mafuta, ndi paipi ya mphanda. Anabwereza zinthu zitatu mpaka ndinaziloweza ngati katekisimu: moto usayandikire, silinda izipitidwa mphepo, odwala akachuluka, imodzi payokha singakwanitse, ndilumikize yachiwiri kuti zigawane katundu.

Yachiwiriyo ndi imene komiti inati isakhudzidwe. Inkadikira mwambo wopereka mphatsoyo, Loweruka. Pamene ndinkanyamuka ulendo wa kumaliro odwala anali asanu ndi atatu, ndipo sindinalimbane nazo. Pamenepo ndinalakwa ndine.

Ndinatuluka m'wodi n'kuzungulira kuseri, kukanyumba ka masilinda. Poyamba ndinakadutsa, osakazindikira. Kanyumbako tinakamanga dala ndi waya wa masefa kuyambira m'chiuno kukafika kudenga, kuti mphepo izilowa uku n'kutulukira uko. Tsopano waya yense anali atamukuta ndi mapepala apulasitiki a buluu, okhomedwa bwinobwino ndi timisomali, ndipo pamwamba pake panali maluwa odula papepala. Chitseko chinali chopaka penti watsopano. Kiyi wanga anakana kulowa. Loko analinso watsopano.

Ndinasuzumira pa mng'alu wa chitseko. Maso atazolowera mdima, ndinaona chinthu chimene mpaka lero ndikachikumbuka nsagwada zimandilimba. Silinda imene inkapumitsa anthu khumi ndi anayi inali itavekedwa ngati wodwala malungo: mabulangeti, zitenje, ngakhale juzi ya munthu wina, zonse zomangidwa ndi luzi kuyambira m'khosi mpaka pansi. Paipi yotuluka pamutu pake inali itatupa ndi madzi oundana, kukula ngati mkono wanga. Muvi wa geji yoonetsa mphamvu ya mpweya unali utagona. Pambali pake panaima inzake, yodzaza, yonyezimira, yomangidwa riboni yofiira pa zotsegulira zake zonse, ndipo inkalira chapansipansi, tsiii. Silinda yotere ikakhala osaigwiritsa ntchito, mphamvu imachuluka mkati, ndiye imadzitulutsira yokha mpweya pang'onopang'ono kuti isaphulike. Inkapumira akangaude a kudenga mpweya umene a Obadiya ankausaka ndi nthiti zawo zonse kuseri kwa khoma lomwelo.

Ndinamva fungo la makala ndisanamve mapazi. Nditatembenuka ndinaona mayi Zelifa, akazi awo a Obadiya, amenenso ndi mtsogoleri wa amayi a Chigwirizano, akubwera atanyamula mbaula yoyaka ndi zisanza m'manja onse awiri, akuyenda mosamala kuti asaterereke m'matope.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza chilichonse. Ndinawalanda mbaulayo ndi manja anga, ndinathamanga nayo mpaka ku ngalande ya kumpanda, n'kuiponya m'madzi a mvula. Inalira, nthunzi n'kukwera. Zala zanga zinayamba kuwawa pambuyo pake.

"Alamu, mwatani kodi?" anafunsa mayi Zelifa. Sanakweze mawu, anangondiyang'ana ngati munthu amene misala yamuyamba masana.

Ndinawauza kuti m'kanyumba kotsekedwa chonchija, kodzaza mpweya wotayika uja, khala limodzi likanakwana kuyatsa mabulangeti aja ngati udzu wa mu Okutobala, chipatala n'kutsatira. Kenako anandifotokozera, ndipo pofotokozapo mawu awo analibe manyazi, chifukwa sankadziwa kuti panali cholakwa. Anati Lachitatu m'mawa a Bizwell, wapampando wa komiti, anatsegulira amayi kuti asese ndi kukongoletsa. Atalowa anapeza silinda ili mbuu ndi chisanu, ndipo a Bizwell anati zimenezi n'zochititsa manyazi, alendo adzati sitikusamala mphatso. Amayiwo anali ndi nkhawa ina. A Obadiya ankadandaula kuti mpweya ukuwazizira m'mphuno. Nanga chinthu chikamazizidwa amachitani? Mayi aliyense anathamangira kwawo kapena ku khitchini ya odikirira odwala n'kubweretsa chimene anali nacho. Ena anagona osafunda kuti silinda ifunde. Poona kuti sizikuthandiza, iwo anati mwina mabulangeti achepa mphamvu, koma moto.

Ndinali nditakonzeka kuwakalipira, koma ukali unasowa pogwira. Ndinayamba kufotokoza za kutentha ndi kuzizira monga ndinkachitira m'kalasi, ndipo ndinaona maso awo akuchoka pa ine kupita ku zenera la wodi. Pamenepo ndinakumbuka kuti mayi amenewa, nyengo yotentha, amagulitsa mafilizesi pamsika wa Nsaru, timadzi totsekemera tija toumitsa m'timapepala.

"Alamu, mafilizesi anu aja mukamapita nawo kumsika, mumawakulunga m'nsalu, eti?"

"Eya. Nyuzi mkati, chitenje kunja."

"Kuti atenthedwe?"

"Ayi, kuti asasungunuke." Anayankha mwachangu, ngati funso la mwana. Kenako pakamwa panatsala potsegula.

"Zili m'silindamo zikufunika zisungunuke," ndinatero. "Zikasungunuka ndiye mpweya wa alamu angawo."

Mayi Zelifa anayang'ana chitseko chokhomacho nthawi yaitali. Anamasula chitenje chawo n'kuchimanganso molimba, monga amachitira mkazi akamapita kolima.

"Kiyi ali ndi a Bizwell," anatero.

Tinawapeza kubwalo la kumaso, pansi pa mtengo wa mbawa, akulamulira amuna anayi amene ankadzutsa tenti. Chapatali kwaya inkayeserera nyimbo yolandirira alendo, atavala zotseka pakamwa, mawu akutuluka ngati akuimbira m'mtsuko. A Bizwell anagwirapo ntchito ya ukalaliki kuboma, ndipo anapuma ndi zinthu ziwiri: cholembera cha m'thumba la malaya ndi chikhulupiriro chakuti chinthu chimene sichili pa pulogalamu sichinachitike. Mulu wa makiyi unkalendewera pa lamba wawo. Si munthu woipa. Ndimanena zimenezi kawirikawiri, ndipo nthawi iliyonse ndimafunika kuzinena mokakamiza.

Anandipepesa za maliro, anandifunsa za msewu, ndipo ndinayankha zonse mwaulemu wake. Kenako ndinapempha kiyi. Ndinati mabulangeti achoke, mapulasitiki achoke, ndipo silinda yachiwiri ndiilumikize tsopano lino.

Za mabulangeti anavomera mosavuta. Anati amayi adzawachotsa Loweruka m'mawa, n'kupukuta chisanucho alendo asanafike. Za mapulasitiki anati mvula ikuwomba cham'mbali, ingawononge maluwa. Za silinda yachiwiri anamwetulira.

"Aphunzitsi, kodi mlendo mumam'patsa nkhuku yoti mwabudula kale mwendo? Anthu aja akufuna chithunzi. Akufuna aone chinthu chatsopano, adule riboni, atsegule okha ndi dzanja lawo. Akakondwa, mawa atipatsa zina. Loweruka ndi mkuja uyu."

Ndinati pali anthu m'wodimo amene mkuja sawuona. Ndinawauza manambala, teni ndi folo, ndinawauza za muvi wa geji, ndinawauza kuti silinda ya riboniyo ikutaya mpweya pachabe pamene tikulankhula. Anamvetsera akugwedeza mutu, monga amamvetsera munthu amene yankho analikonza kale. Anati komiti inagwirizana, ndipo zinalembedwa, ine ndili pomwepo. Anati kusintha chigamulo kumafuna msonkhano, ndipo abusa ali ku Nambuma mpaka mawa. Anati kuthamanga si kufika. Anandikumbutsanso, mofatsa, kuti ine ndine mphunzitsi wopuma, osati injiniya, ndipo chinthu chikaphulika adzafunsidwa ndi iwo.

Amuna a tenti aja anali atasiya kukoka zingwe. Mmodzi ankayang'ana pansi, akukumba dothi ndi chala cha kuphazi.

Kenako a Bizwell anandigwira paphewa. Anatsitsa mawu, koma osati kwambiri moti ena asamve.

"Tonse tikudziwa kuti nkhani ya mpweyayi imakukhudzani chifukwa cha malemu mayi. Mtima ukhale pansi, aphunzitsi. Musalole chisoni chikuganizireni."

Zaka ziwiri ndinali nditasunga dzina la Edith ngati mbale yosweka imene umaiika pamwamba pa kabati kuti ana asaikhudze. Bambo ameneyu analitenga n'kulisandutsa chotsekera pakamwa panga. Ndinachotsa dzanja lawo paphewa langa, chala chimodzichimodzi. Nthawi yomweyo kuwodi kunamveka kulira.

Kunali kulira kwa mtsikana, kumene kumayamba ngati funso. Kwaya inasiya nyimbo pakati pa mzere. A Doreen anatulukira pakhonde, natiyang'ana. Amene anamwalira anali mayi wa ku Kabudula, wa bedi la pakona, amene anabwera Lolemba pa ngolo. Sindinganene kuti anaphedwa ndi mabulangeti. Anali wodwala kwambiri, ndipo matenda aja anatenga ambiri amene anali ndi mpweya wokwanira. Ndaziganizira kambirimbiri, ndipo sindinganene. Koma kampira ka pa bedi lake kanali pa fili.

A Bizwell anavula chipewa. "Chauta anapatsa, Chauta watenga," anatero.

"Loko uja sanakhome ndi Chauta," ndinayankha.

Sindinakuwe. Anthu amene analipo amati ndinakuwa, koma ine ndikudziwa kuti mawuwo anatuluka mosalala, ngati ndikuwerenga mayina m'kalasi. Mawu amenewa ndi amene anandiitanitsa ku bwalo la akulu a mpingo mwezi wotsatira, kumene anandipempha kuti ndipepese, ndipo nditapepesa chifukwa cha malo ndi nthawi koma osati chifukwa cha mawuwo, anandipumitsa mukomiti. Izo zinabwera pambuyo. Panthawiyo nkhope ya a Bizwell inangouma, dzanja lawo n'kupita pa makiyi aja, kuwaphimba.

Ndinali nditayamba kuganiza zokazula mahinjesi a chitseko pamene mayi Zelifa anandidutsa. Anapita patsogolo pa a Bizwell n'kugwada. Sanasankhe pouma. Anagwada m'matope momwemo, mawondo onse awiri, natambasula dzanja lamanja, lamanzere litagwira pachigongono, monga mwana wolandira kanthu kwa mkulu.

"Abambo, ndine ndinafunditsa chinthu chija," anatero. "Ndikufuna ndikachivule. Mukandikaniza ndikhala pompano, alendo anu adzandipeze Loweruka. Mudzawauze kuti uyu ndi mkazi wa Obadiya, kapena wamasiye wa Obadiya, zimene zidzakhalepo."

Amayi a kwaya anayamba kuyandikira. Ambiri a iwo anali a Chigwirizano, ndipo zofunda zawo zinali m'kanyumba kaja. Wina anagwada kumbuyo kwa mayi Zelifa, kenako wina. A Bizwell anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna munthu woti awerenge naye malamulo, koma amuna a tenti anali atatembenukira kumbali. Analimbana ndi mphete ya makiyi nthawi yaitali, zala zikuterereka. Kiyi atatuluka sanamuike m'dzanja lotambasulalo. Anamugwetsa pansi.

"Chikaonongeka chinthu, mboni ndi nonsenu," anatero.

Mayi Zelifa anatola kiyiyo, anamupukuta pa chitenje, n'kunena kuti zikomo.

Nditatsegula chitseko ndinaletsa aliyense kulowa. Ndinati tiyambe tang'amba mapulasitiki tili kunja, mphepo idutse kaye, ndipo aliyense amene ali ndi machesi kapena fodya m'thumba apite kumpanda. Amayi anakoka mapepala aja ndi maluwa ake omwe, timisomali tikuthothoka. Kuwala kutalowa, chifunga chozizira chinatuluka pakhomo chikukwawa pansi, n'kutizinga m'mapazi.

Ndinavala magolovesi pa zala zanga zamatuza n'kuyamba kudula luzi. Zofunda za kunja zinali zonyowa chabe. Ndinkazipereka kwa mayi Zelifa pakhomo, iwo n'kumapatsira anzawo kuti akaziyanike kutali, pa udzu, poti nsalu imene yamwa mpweya umenewu imakhala yanjala ya moto kwa kanthawi. Aliyense ankazindikira chake mwakachetechete. Zamkati zinali zolimba, zomatirirana, zolira ngati chikumba pozisuntha. Ndinachotsa chitenje cha msonkhano wa amayi, ndinachotsa juzi ija, ndinachotsa bulangeti la chipatala. Pansi pa zonse, lokhudza chitsulo chenichenicho, panali bulangeti lobiriwira la mizere yoyera, lokhala ndi chigamba chofiirira pakona pamene linapsa ndi simbi.

Chigambacho ndinachidziwa. Ndinali pomwepo pamene Edith ankachisoka, ndikuchonga mayeso mbali ina ya tebulo, ndikunyozedwa kuti munthu wodziwa sayansi yonse ndalephera kudziwa kuti simbi ya makala saisiya pabedi. Pogawa katundu wa malemu, bulangeti limeneli linapita kwa akuchikazi, monga mwa mwambo, ndipo sindinafunse kuti linagwera ndani.

"Linali labwino kuposa onse amene ndili nawo," anatero mayi Zelifa kumbuyo kwanga. "Ndiye ndinati likhale loyamba."

Sindinatembenuke. Bulangetilo linali litagwirana ndi chitsulo, ndipo ndinachita kulimatula pang'onopang'ono kuyambira m'mwamba, kuopa kuling'amba. Linachoka lathunthu, louma gwa, litasunga maonekedwe a chimene linakumbatira. Linakana kupindika. Ndinalinyamula chomwecho n'kukaliimika panja, potsamira khoma la wodi pamene dzuwa linkawomba, ndipo linaima lokha.

Riboni inali yomangidwa mfundo zambiri. Ndinaidula ndi mpeni umene ndinadulira luzi, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika pawindo. Loweruka anailumikiza ndi mfundo, mfundoyo n'kuibisa kuseri kwa duwa, ndipo ndinamva kuti chithunzi chinatuluka bwino. Ndinatenga paipi ya mphanda pa msomali pamene ndinaisiya. Ndinayamba kunena mokweza ndondomeko ya a Patrick, ngati mwana wa Fomu 2 pa mayeso: pukuta pakamwa pa paipi, lowetsa ndi dzanja, limbitsa ndi sipanala, osakakamiza. Ndinalumikiza mbali ya silinda yatsopano, ndinatsegula chotsegulira chake pang'ono, ndinamvetsera ngati pali potuluka, kenako ndinatsegula chonse. Ndinatsegulanso kampopi kokwezera mphamvu. Kulira kuja, tsiii, kunatha. Mpweya umene unkapita kwa akangaude unalowa m'paipi ya kuwodi.

Silinda yakale ija inali idakali m'chikwa cha madzi oundana, ndipo kuwagogoda n'koletsedwa. Ndinati ikufunika mphepo basi. Mayi Zelifa sanafunse kawiri. Anatuma amayi ku khitchini ya odikirira odwala, ndipo anabwerako ndi malichero. Anaima mozungulira kanyumbako, kunja kwa waya, asanu uku, anayi uko, n'kuyamba kukupiza. Anthu omwewo amene dzulo lake anaifunditsa, lero ankaipepeta ngati chimanga. Wina anayambitsa nyimbo yapansipansi kuti manja aziyendera limodzi. Madzi anayamba kudontha kuchokera pa paipi yotupa ija.

Ine maso anali pa geji. Muvi unakhala pomwepo nthawi imene inandikwana kuganiza zonse zimene ndingakhale nditalakwitsa. Kenako unagwedezeka. Unadzuka pang'onopang'ono ngati nkhalamba yochoka pamphasa.

A Doreen anali atatsegula zenera la wodi, ndipo ankatiuza osatembenuka, maso ali pakhoma la mkati.

"Faifi." Panapita nthawi. "Sikisi... seveni." Malichero anafulumira. Nditamva "teni" ndinapeza kuti sipanala ndinali nditaifinya mpaka matuza a m'zala aphulika m'magolovesi.

Sindinalowe m'wodi nthawi yomweyo. Ndinayang'ana polumikiza ponse kawiri, ndinalemba manambala a geji m'kope monga mwa masiku onse, ndinakhoma chitseko n'kuika kiyi m'thumba langa. Nditalowa, a Doreen anali akuyenda bedi ndi bedi kubweza zotsegulira zimene anazipotokola mpaka kumapeto. Bedi la pakona linali litatchingidwa ndi nsalu. A Obadiya anali atatseka maso, koma nthiti zawo zinali zitasiya kulimbana, ndipo kachipangizo ka pachala kankaonetsa nambala imene a Doreen anaiyang'ana kawiri asanapume. A Obadiya anakhala m'wodimo milungu ina iwiri, ndipo fodya wa chaka chimenecho anakagulitsa okha. Tsiku limenelo anangotsegula diso lomwe lija, n'kulankhulira m'chopumira momwemo.

"Alamu... tiyi uja... athiramo masamba."

Ndinawauza kuti akapitiriza kulankhula ndiwatsitsira pa folo. Kenako ndinatuluka msanga, a Doreen asanaione nkhope yanga.

Panja, amayi anali atakhala pa udzu, malichero ali pamiyendo, akupumula. Kubwalo la kumaso ndinamva a Bizwell akuuza amuna aja kuti tenti yapendekera kumanzere. Mkwiyo unali udakalipo, wathunthu, ndipo ulipobe. Sunasungunuke ndi chisanu chija. Ndinazungulira kukhoma la dzuwa kuti ndikhale pandekha.

Bulangeti lija linali lidakaimirira pamene ndinalisiya, lobiriwira, lofika m'phewa langa, lopindikira mkati ngati munthu wafunda amene wapereka msana. Nthunzi yopyapyala inkakwera kuchokera pamwamba pake. Mayi Zelifa anabwera kudzalitenga, koma atandiona anaima, n'kubwerera.

Dzuwa linayamba kuligwira cham'munsi. Linafewa m'mawondo poyamba, n'kutsetsereka pang'ono pakhoma, n'kuima. Kenako linatsikanso, mosafulumira, mpaka linakhala pansi, msana uli kukhoma, chigamba chija chili pamwamba. Ndi mmene ankakhalira Edith pakhonde akabwera kumjigo, asanalankhule ndi munthu, akudikira kuti mpweya ubwerere.

Ndinavula magolovesi n'kukhala pambali pake.